Ndinkataya Mapiritsi M'chimbudzi Kuti Mwana Asakule

Inu owerenga, mwana wanga sanaphedwe ndi mfiti ayi. Ndinamumana chakudya ine mayi wake, akadali m'mimba, ndipo ndinkachita dala.

Ndinachoka kumudzi kwathu ku Katete ndili ndi pakati pa miyezi itatu, kutsatira amuna anga kukomboni ya Kalingalinga m'tauni. Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Iwonso ntchito inawathera, nayamba kupala matabwa m'mbali mwa msewu. Koma ndisanamizire umphawi. Mazira, kapenta, nyemba, bambo uja ankayesetsa kubwera nazo.

Chinandilowa ine ndi mantha. Mkulu wanga anamwalira pangolo akupita naye kuchipatala, mwana atakanika kutuluka. Pamaliro azimayi ankanong'onezana kuti mwanayo anakulitsa chifukwa mayi wake ankadya mosadziletsa. Mawu amenewo ndinabwera nawo m'tauni.

Nditayamba sikelo, anamwino anandipatsa mapiritsi ofiira owonjezera magazi. Tsiku lina tikutunga madzi pampopi, mayi wina woyandikana naye nyumba anandikokera pambali. "Osamwa ivo, mwana wanga. Vikulisa mwana, bazakung'amba pamimba."

Basi, mutu unaima. M'mawa uliwonse ndinkaponya piritsi limodzi m'chimbudzi kuti amuna anga aziona ngati ndikumwa. Pa chakudya ndinkanamizira nseru. Mazira ndinkagawira ana a eni ake, ine n'kumakukuta dothi logula kumsika kuti njala igone. Anzanga akati kamimba kanga n'kabwino, kosaoneka, ndinkasekerera. Uchitsiru wake!

Chizungulire chitayamba, namwino wina anandikoka chikope, n'kuona kuti m'maso mwayera. Anandifunsa ngati mankhwala ndikumwa. Ndinalumbira kuti ndikumwa, ndipo kusikeloko sindinapondekonso.

Matenda anandiyamba mwezi wachisanu ndi chitatu. Mwana anatuluka mosavuta, monga momwe ndinkafunira. Anali wamkazi. Atamuika pasikelo, anamwino anangoyang'anana. Paketi ya shuga ya makilo awiri inkamuposa kulemera. Bere ankalephera kukoka, kulira kwake kosamveka ukaima pakhomo. Ndinkafinyira mkaka m'kapu n'kumamudonthezera pakamwa. Pamenepo ndiye ndinayamba kudya ngati wamisala, kumwa piritsi lililonse limene andipatsa, koma madzi anali atatayika kale.

Anatisiya tsiku lachisanu ndi chimodzi, tisanamutche n'dzina lomwe. Anakamuika azimayi okhaokha, ine n'kundiletsa kulira mokweza poti anali asanatuluke m'chikuta. Achibale a amuna anga analoza chala azakhali awo okalamba, ati ndiwo anadya mwanayo. Ine ndinali pomwepo, ndinangoweramitsa mutu. Azakhaliwo anamwalira abale awo osawalankhula, ndipo amuna anga mpaka lero choonadi sakuchidziwa.

Inu amayi oyembekezera, kaya muli kumudzi kaya m'komboni, ndagwira mwendo wanu. Idyani. Imwani mankhwala amene akupatsani kusikelo, ndipo chimene mukuopa kauzeni anamwino, osati anzanu a pampopi. Inunso abambo, musamangogula chakudya n'kuchoka, khalani pansi muone mkazi wanu akumeza.

Ine sindinatengenso pakati, ngakhale ndinayenda m'zipatala ndi m'matchalitchi mpaka kutopa. Ndikamasamba ndimayang'ana pamimba pangapa, posalala bwino, popanda chipsera ngakhale chimodzi. Bwenzi atanding'amba kakhumi, mwana wanga ali moyo.