Mayi amene anapeza dzina la malemu bambo ake pachitseko

Inu amene mwatopa kufunsa chifukwa palibe akukuyankhani, imvani za Solfrid Brekken.

Chaka chimene fakitale ya nsomba inatsekedwa kwathu kuno kumpoto kwa Norway, Solfrid anali ndi zaka 46 ndipo analibe pepala lililonse la sukulu. Bambo ake, omwe ankawadwazika yekha pakhomo, anali atangomwalira. Bambowo anadikira malo kunyumba yosamalira okalamba kwa chaka ndi miyezi iwiri, koma yankho linali limodzimodzi: malo adzaza.

Ntchito yokhayo imene Solfrid anapeza inali yokolopa kunyumba yomweyo. Nyumbayo inali ya kampani ina, koma khonsolo ndi imene inkalipira bedi lililonse ndi ndalama za msonkho. Anamupatsa makiyi a kunsanja yachitatu.

Inali nyengo ija dzuwa silituluka ngakhale masana. Atakwera anapeza magetsi akuyaka, m'zipinda mukufunda bwinobwino, mabedi oyala, koma munalibe munthu. Kumapeto kwa khonde wailesi inkalira chapansipansi. Masana aliwonse chikepe chinkatseguka muli ngolo ya mbale khumi ndi ziwiri za nsomba ndi mbatatesi. Zinkazizirira pomwepo.

Pachitseko chilichonse panali dzina. Tsiku lachitatu Solfrid anaima pa nambala 9, chokolopera chikudontha m'manja. Panalembedwa kuti Torleif Brekken. Linali dzina la bambo ake.

Loweruka anapita kumanda ndi tochi masanasana, akupalasa chipale chofewa pamiyala ndi dzanja. Mayina onse khumi ndi awiri a pazitseko zija anawapeza.

Lolemba analowa mu ofesi ya mkulu wa nyumbayo, Oddvar Myhre.

"Bambo Myhre, kodi bambo anga akudya bwino kumwambaku?"

Myhre anasiya kutakasa khofi. "Mayi Brekken, tinakulembani kukolopa, osati kuwerenga zitseko. Siyani makiyiwo patebulo apo."

Lamulo lathu limalola munthu aliyense kupempha kuona mapepala a boma. Solfrid analembera khonsolo. Kalata yoyamba sinayankhidwe. Yachisanu inabwera ndi mapepala odetsedwa ndi inki yakuda, mwakuti chinkawerengeka ndi deti lokha.

M'sitolo anthu anayamba kumuseka. "Wabwera uja wokolopera mizimu! Iwe Solfrid, ukatipatsireko moni agogo athu!"

Foni yake inkalira masana. Akayankha, kunalibe mawu a munthu, koma wailesi yokha ikulira chapansipansi. Komabe m'mawa mwake ankapita kulaibulale, n'kumadziphunzitsa yekha kuwerenga malisiti ndi mabuku a chuma, mzere umodzi umodzi. Nyumba ya bambo ake anaigulitsa, n'kukachita lendi kachipinda pamwamba pa malo okonzera maboti.

Analemba makalata 31. Atakadandaula ku ofesi yaikulu ya chigawo, khonsolo inalamulidwa kutulutsa zonse. Katoni ya mapepala inafika patatha zaka ziwiri. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, khonsolo inkalipira kampani ija mamiliyoni a makrona, ndalama za kwathu kuno, chifukwa cha mabedi khumi ndi awiri aja. Mayina ankatengedwa pamndandanda wa odikira malo. Munthu akamwalira, m'pamene ankapatsidwa chipinda.

Pamsonkhano wa khonsolo anamupatsa mphindi zitatu. Sanakambe zambiri. Anangoyamba kuwerenga mayina, ndi tsiku limene bedi la aliyense linalipiridwa komaliza.

Atafika pa dzina lachinayi, mayi wina wokalamba anaimirira ndi ndodo yake. "Amenewo ndi amuna anga. Ndinawaika m'manda zaka zinayi zapitazo. Mukuti bedi lawo lalipiridwa mwezi watha?"

Kenako kunaimirira wina, ndi winanso. Mphindi zitatu zinakwana, koma wapampando sanayerekeze kumudula. Solfrid atawerenga dzina lomaliza, theka la holo linali chiimire.

Myhre ndi mkulu wina wa ku khonsolo anamangidwa. Chaka chomwecho khonsolo inagamula kuti ndalama iliyonse yotuluka, ngakhale ya misomali, iziikidwa poyera sabata ndi sabata, pa intaneti komanso pakhoma la holo ya tauni. Kunsanja yachitatu kunalowa okalamba amoyo. Pachisankho chotsatira Solfrid anapambana, ndipo lero ndi wapampando wa komiti yolondola chuma cha khonsolo.

Sabata yatha ndinamupeza kudoko. Msodzi wina anamuimitsa n'kumufunsa chifukwa chimene mlatho watsopano wadyera ndalama zambiri chonchi.

"Sindikudziwa, achimwene," anatero Solfrid. "Vulani magolovesiwo, tikafunse limodzi."

Inunso muli ndi funso limene mwalisunga nthawi yaitali poopa kusekedwa. Ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito ndi thukuta lanu. Funsani. Akakhala chete, lembaninso. Musataye mtima pa kalata yoyamba, ngakhale pa yachikhumi.