Sompho ya Bambo pa Chikopa cha Mbuzi

Ndikukumbukira chaka chimene nsalu zinasowa m'masitolo a amwenye ku Salima chifukwa cha nkhondo ya azungu ija. Ndinali kamtsikana kongoyamba kusenza mtsuko. Bambo, amene ankasema mabwato kwathu kwa Maganga, anali atangomwalira, kuwasiya mayi ndi khanda, mlongo wanga Yosefe. Nsalu yokha imene mayi anali nayo inali itatheratu, moti akabereka mwanayo ankamugwiriziza ndi dzanja kuopa kuti angagwe.

Mbuzi imene inaphedwa pamaliro inatisiyira chikopa. Mayi anachikhomera pansi ndi zikhomo, natenga sompho ya bambo n'kuyamba kupala mafuta ndi timinofu kuti apange mbereko. Sompho yozolowera kukumba mitengo ikuluikulu ija inkayenda pachikopapo mofatsa, osaboola. Tchizulo anaiika pambali kuti adzadulire malamba omangira pachifuwa. Fungo linali loipa, ntchentche zili mbwee, koma ine ndinkasangalala kumva chitsulo cha bambo chikuliranso pakhomo.

Apo ndi pamene anatulukira a Kaliyati, mwana wa mlongo wawo wa bambo. Pamwambo wathu katundu wa mwamuna amapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo mwambo umenewu a Kaliyati ankaudziwa bwino zedi, ngakhale kuti kokumba manda sanaonekeko. Anali atangobwera kuchokera ku Halale ndi chipewa, nsapato zolira ndi manja osalala. Munthu woti chibadwire sanasemepo ngakhale mthiko!

"Mayi, n'chiyani chimenechi?" anatero atagwira mphuno. "Sompho ya mmisiri pa chikopa chonunkha? M'manja mwa munthu wamkazi? Mukuwanyoza malume."

"Ndiloleni ndimalize kaye," anayankha mayi. "Mwanayu alibe pomuberekera."

"Zimenezo si zanga."

Anatola sompho ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, anaipukuta ndi mpango, anatenganso tchizulo, n'kumapita nsapato zikulira. Ndinawada kuyambira tsiku limenelo, ndipo sindibisa.

Mayi anamaliza kupala ndi chigoba cha nkhono mpaka zala kutuluka magazi. Tinafufuta chikopacho ndi mafuta a nsatsi, kusinthana manja akalema. Malamba anadula ndi kampeni kobuntha, anatuluka okhota, ndipo limodzi linawasiyira chipsera paphewa. Komabe Yosefe anakulira m'mbereko imeneyo.

Sipanatenge nthawi yaitali, nsapato za ku Halale zinayasama kukamwa, mkazi wa a Kaliyati, a Nabanda, n'kukhala ndi mwana. Nsalu zinali zikusowabe. A Nabanda anafika pakhomo pathu ndi chikopa cha mbuzi, amuna awo ataima chapatali, akuyang'ana mumtengo wa mango ngati muli chachilendo.

"Kabweretseni sompho," anatero mayi, osakweza mawu.

Inabwera. Mpini wake chiswe chinali chitadya, chitsulo chitafiira ndi dzimbiri, chifukwa nthawi yonseyi inali pansi pa nkhokwe. Tchizulo sinapezeke n'komwe. Mayi anaitembenuza somphoyo m'manja, nafunsa, "Ulemu wa malume anu uja ndi umenewu?" A Kaliyati anangotsokomola.

Ine ndinkafuna mayi awabweze chimanjamanja. Koma iwo ananola chitsulocho pamwala, anaika mpini watsopano, n'kuyamba kupala. Nditang'ung'udza anandiuza kuti, "Wobadwayo sanatilande kanthu." Sompho sinabwererenso kwa a Kaliyati, ndipo iwo sanaifunse.

Tsopano ndakalamba, ndipo ndaona anthu ambiri a mtundu wawo, odziwa kulondera ulemu wa chinthu chimene sadziwa kuchigwira. Ndinazindikira kuti chida sichinyozeka ndi ntchito yonunkha, chimanyozeka ndi dzimbiri. Mtima wa mayi wokhululuka uja ine sindinautengere. A Kaliyati atamwalira, mwana wa mlongo wawo naye anafika msangamsanga kudzafunsa za katundu, ndipo ndinaonerera akumupatsa chipewa chobooka.