Munda wa Esinati

Maliro a mkazi wanga Aginesi atatha, abale ake anandisudzula monga mwa mwambo. Kwathu kuno ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, mwamuna amakhala chikamwini. Nyumba ndi munda ndi za mkazi, ndipo iye akamwalira zimatsalira ana ake aakazi. Alamu anga a Namakhwa anayankhula mwaulemu: "Alamu, ndinu omasuka tsopano. Koma mukafuna kukhala, palibe akukuthamangitsani." Ndinathokoza. Chinandikanika ndi kulowa ndekha m'mizere imene tinkalima awiri. Ndinasiya mwana wathu Esinati, amene anali atangokwatiwa kumene, n'kukwera minibasi ya ku Limbe, kenako basi ya ku Lilongwe.

Ntchito ndinaipeza kunyumba kwa bwana wina amene anali mlembi wamkulu mu unduna asanapume. Ndinkatchetcha kapinga, kuthirira maluwa ndi kutsegula geti. Malipiro anali ochepa, komabe mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe pafoni kuti Esinati agulire feteleza. Akaimba ankangofunsa kuti, "Ababa, mukudya koma?" Ndinkati ndikudya. Sindinkamuuza kuti sabata imatha osayankhula ndi munthu, kapena kuti kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo n'kutuluka popanda wondifunsa dzina. Chilomwe ndinkachiyankhula popemphera pokha.

N'chifukwa chake tsiku limene bwana anandiitanira pakhonde, n'kundipatsa tiyi, n'kundifunsa chimene ndinachokera kwathu, ndinamasuka. Ndinawauza za Aginesi, za matenda ake, za kusudzula. Ankagwedeza mutu. Ine ndinkayesa akundipepesa.

Patapita miyezi bwana analandira ndalama kuchokera ku bungwe lina lakunja. Iwo ankati feloshipu. Akuti zimaperekedwa kwa akuluakulu a boma opuma pantchito kuti akachite zosintha miyoyo ya anthu. Panachitika phwando. Ndikusonkhanitsa mabotolo, bwana anandigwira paphewa pamaso pa alendo. "Awa ndi madala aja. Mkazi atamwalira anawathamangitsa pamunda umene analima moyo wawo wonse."

Alendo atapita ndinati, "Bwana, pepani, sanandithamangitse."

"Madala, mwazolowera kuponderezedwa, n'chifukwa chake simukuziona. Zisiyeni kwa ife."

Ine sindifulumira kuweruza munthu, ndipo Mulungu akudziwa kuti ndayesetsa kuwakhululukira. Koma mtima umandiwawabe mpaka lero. Munthu ameneyu anakhala pampando zaka zambirimbiri. Madzi ochokera m'phiri akukokolola minda ndi milatho yathu, sitinamuonepo. Lero wapuma, wapeza kuti kuli Phalombe, ndipo khomo lolowera walipeza pa maliro a mkazi wanga.

Kwathu ndinabwerera pa galimoto yawo, nditakhala kumbuyo ndi anyamata a makamera. Ndinavomera kuwaperekeza chifukwa ndinkalakalaka kuona mdzukulu wanga amene anabadwa ine kulibe, komanso ndinkaganiza kuti akamva kwa eni mudzi adzamvetsa. Sanafunse aliyense. Anthu atasonkhana pabwalo la sukulu, bwana anaimirira n'kulengeza kuti pulojekiti yawo ithandiza kuti minda ikhale m'dzina la mutu wa banja, ndipo ayamba ndi kundibwezera ine munda wanga.

Amayi anayamba kung'ung'udza. Bambo wina kumbuyo anakuwa, "Eya bwana, nafenso tatopa kukhala atambala obwereka!" Amuna anaseka. Ndinaona mkamwini wanga, mwamuna wa Esinati, akumwetulira. Pamenepo Esinati anaimirira, mwana ali kumsana.

"Ababa, mukanandiuza pafoni kuti mukufuna munda wa amayi. Zobwera ndi galimoto ndi makamera n'zachiyani? Ndalama za feteleza zija munkagula nazo malo?"

Chibadwire sindinayankhulepo pamsonkhano. Koma tsiku limenelo ndinaimirira. "Munda uja si wanga. Sunakhalepo wanga. Unali wa apongozi anga, unakhala wa Aginesi, lero ndi wa Esinati. Ine palibe anandithamangitsa. A Namakhwa ali apa, afunseni."

"Madala, khalani pansi," anatero bwana chapansipansi. "Mukuwononga zinthu."

"Zanu, bwana. Zanga mwawononga kale."

Galimoto inabwerera ku Lilongwe popanda ine. Zovala zanga zinatsala komweko. Ndamva kuti pulojekiti ija anaisamutsira kudera lina, ndipo ndalama akulandirabe. Iwo sanataye kanthu. Kuno anasiya mawu, ndipo mawuwo akugwira ntchito. Kumowa amuna akukambirana za mutu wa banja. Mkamwini wanga anafunsa kale a Namakhwa ngati nandolo za chaka chino angagulitse yekha, iwo n'kumuuza kuti akafunse mwini munda.

Ndinakhala kwa alamu angawo masiku angapo Esinati osabwera. Tikakumana panjira ankagwada, kupereka moni, n'kupitirira. Ndili ku Lilongwe, pena ndinkadandaula kuti mwambo wathu unandisiya manja lende. Nditamuona mwana wanga ataima pabwalo paja ndi khanda kumsana, ndinazindikira kuti mwambo womwewo ndi umene ukuchititsa kuti mwamuna aliyense, ngakhale ine bambo ake, asamuchotse pamalo pake.

Lachisanu lapitali Esinati anabwera m'mawa, ine ndikusoka thumba. Sanakhale pansi.

"Ababa, munawauza zoti anakuthamangitsani?"

"Ayi, mwana wanga."

Kenako anamasula mwana kumsana n'kundipatsa. Aka kanali koyamba kumunyamula. Ndi wamkazi.

"Mawa tikupalira m'munda mwanga," anatero. "Mukafuna bwerani. Khasu mubwereke kwa amalume."

Ndinabwereka, ndipo ndinapita.