Achimwene anga ndi chingwe cha paphiri

Mulungu andikhululukire, koma ndikamva munthu akunena kuti palibe akanadziwa, ndimafuna kumulavulira. Achimwene anga ankadziwa.

Iwowa aphwanya miyala kukwale zaka makumi awiri. Khutu limodzi linafa ndi mabomba ophulitsira thanthwe, zala ziwiri zinatsala komweko. Sukulu sanapite nayo patali, ngati ine ndemwe. Koma mwala amaudziwa. Amangougogoda ndi hamala n'kukuuzani kuti uwu ndi wong'aluka mkati.

Chivomezi chitagwedeza nthawi ya mvula ija, mpaka mbale kugwa m'nyumba, iwo anakwera phiri la kuseri kwa sukulu. Anakapeza nthaka itang'ambika, mng'alu woti mwendo n'kulowa. Anakhoma zikhomo ziwiri, china tsidya ili china tsidya ilo, n'kumangapo chingwe cholendewera pang'ono. M'mawa uliwonse ankakwera kukachiona. Anthu kuseka. "Mwalimangirira phirilo ngati mbuzi, a Chingwe? Gwirani zolimba lingathawe!"

Lolemba chingwe chinakungika. Lachiwiri anachipeza chitaduka.

Tinapita awiri kwa ahedi. Achimwene anavula chipewa n'kuika chingwecho patebulo.

"Aphunzitsi, chotsani ana m'kalasi ya kumapeto ija. Phiri likuyenda."

Ahedi osadzuka n'komwe. "Bambo, kutseka kalasi pamafunika kalata ya ku ofesi. Inu mwandibweretsera choyanikira zovala?"

Ine ndinati, "Ahedi, mwana wanga wamkazi amakhala momwemo, kukhoma la kuphiriko."

"Mayi, mayeso ayandikira. Kapemphereni."

Kundiuza ine kupemphera! Ine amene mawondo anada ndi kugwada! Kodi Mulunguyo akamayankha amalemba kalata ya sitampa? Si uyu anatitumizira munthu wa zala zisanu ndi zitatu?

Lachitatu achimwene anakaima pakhomo pa kalasiyo, hamala ili m'manja, kubweza mwana aliyense. Sanakhudze munthu. Ahedi anaitana apolisi, akuti wamisala akuopseza ana. Powakweza galimoto ankangokuwa kuti, "Mlongo, asalowemo!"

Ndinayenda khomo ndi khomo. Ena anamva. Ena anati achimwene akowo mabomba anawasokoneza mutu. Wanga ndinamutsekera m'nyumba akulira kuti alephera mayeso. Ndinati lephera, ndikudyetsa ndine.

Lachinayi cha m'ma teni, dzuwa lili phwee, ine ndikuchapa. Ndinangomva ngati malole khumi akukhuthula miyala nthawi imodzi, beseni kunjenjemera. Fumbi litatsika, kalasi ya kumapeto kunalibe. Panali thanthwe lalikulu kuposa nyumba yanga.

Amuna anayamba kukumba paliponse, miyala n'kumagumukiranso pomwepo. Ndiye apolisi omwe aja anathamanga kukawatsegulira achimwene. Anafika opanda nsapato, zinatsala kupolisi.

"Usiyeni mwala umenewo! Mukauchotsa, wapamwambawo utsika. Yambirani kuno."

Tsiku limenelo aliyense anawamvera, ndi ahedi omwe. Anatulutsa ana asanu ndi awiri amoyo. Atatu ayi. Mmodzi ndi wa mnzanga wogulitsa makala, yemwe dzulo lake anandithamangitsa pakhomo pake. Iyeyo sindimuimba mlandu. Anakhulupirira munthu wa tayi, ndiye tinaphunzitsidwa choncho tonse. Ndimapita kukamusesera, sitilankhulana zambiri.

Mwana wanga ali moyo, Ambuye alemekezeke. Akangomva lole ikudutsa amalowa pansi pa tebulo, koma ali moyo.

Achimwene anabwerera kukwale. Amangoti atatu aja akanapulumuka akanakhala kuti hamala anaisiya kunyumba, poti apolisi anagwira pa hamalapo. Tangoganizani, iwo ndi amene akudziimba mlandu.

Ndipo mlandu wa kuopseza ana uja sanaufufute. Akufunika kukhoti sabata ya mawa. Ndipita nawo, ndi mwanayo ndimutenga, oweruza akamuone akupuma. Abusa akuti ndikakhale chete kumeneko. Ndawauza kuti andipempherere china, chimenecho ayi.