Bawuti ya M'thumba la Jekete

Ndikukumbukira chaka chimene nguluwe zinatisandutsa antchito awo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwathu ku Mchinji, sukulu nditawasiyira anzanga a mitu yabwino. Ife tinkalima, izo zinkakolola. Amalume anga a Jelemiya, omwe anapita ku nkhondo ya azungu n'kubwerako ndi nsapato zolemera komanso mabodza ambiri, anati basi, tipanga mfuti.

Thabwa logwirira akanasema okha ku mlombwa, paipi inalipo. Chinkasowa ndi mtima wa mfuti, chitsulo chapakati chija cholandira chipolopolo, bawuti n'kutsekera kumbuyo. Moto wonse umaphulikira mmenemo, diso la munthu lili pomwepo.

Tinapita kwa a Phiri, mmisiri wosula zitsulo, omwe ankasunga zotsala za mfuti zakale za asilikali pansi pa mphasa. Anatulutsa mitima iwiri. Wina unali wonyansa, wadzimbiri. Winawo amalume atangouona, anautola msangamsanga. Unali mtundu womwewo umene ananyamula ku nkhondo.

"Umenewo ayi, achimwene," anatero a Phiri. "Anautola m'nyumba yopsa."

Anamanga bawuti iliyonse pa chingwe n'kuigogoda ndi msomali. Yadzimbiri ija inalira ngati belu la kutchalitchi. Yokondedwayo inangoti phu, ngati munthu wamenya chinangwa. A Phiri anandikoka khutu, ati imva bwino iwe, chitsulo chikapsa chimafewa mkati, kunja chikuoneka bwinobwino.

"Mfuti iyi ndinagona nayo m'matope," anatero amalume. "Singandichite chipongwe. Nyamula, mphwanga."

Anasema thabwa lija mpaka linasalala ngati tsaya la mwana. Tsiku loyesa anandiimika kuseri kwa chulu. Ndinamva kuphulika, kenako zii. Nditasuzumira ndinawaona atakhala pansi, atagwira kumaso, magazi akutuluka pakati pa zala, fungo la wonga lili ponseponse. Diso lamanja linapita. Nguluwe zinamaliza munda, ndipo chaka chimenecho tinadya gaga. Chimene sindiiwala n'chakuti amalume sanaitukwane mfuti ija. Mpaka imfa yawo ankati chinalakwa ndi chipolopolo.

Tsopano ndine nkhalamba, ndikukhala kutsidya kwa nyanja, ku South Bend, kwa mwana wanga Chisomo, amene ndi nesi ndipo amandiletsa mchere, shuga ndi china chilichonse chokoma. Mwana wake Limbani anabadwira konkuno. Amakhala ku Lawrence, mbali ya Indianapolis, ndipo kukayamba kuzizira amapita ndi anzake kukasaka agwape. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi, ngati wailesi yosokonekera.

Tsiku lina anabwera kudzanditenga pa galimoto, nkhope ili mwee. Ati akufuna kupanga mfuti yakeyake kuchokera ku mtima wa mfuti yakale ya asilikali, ndipo ine ndikakhalepo posankha. Tinakalowa m'sitolo ina yonunkha girisi. Pa tebulo panali mitima yambiri, ya ku Jeremani, ya ku Rasha, ina sindikudziwa kwawo. Wogulitsa anamuonetsa wabwino ndithu. Koma Limbani anapita kumapeto kwa tebulo, m'bokosi la zotchipa, n'kutola wa mtundu wa amalume.

"Wa asekulu Jelemiya," anatero, Chichewa chake chikutsimphina. "For you, agogo."

 Za diso lija ankadziwa, ndinamuuza kambirimbiri. Iye anangotolapo zoti kwathu kunali msilikali.

Ndinamasula chingwe cha nsapato yanga, ndinamanga bawuti, n'kuigogoda ndi kiyi. Phu. Ndinagogodanso, poti makutu anga nawonso ndi akale. Phu.

"Iwe, chapsa ichi. Tenga chabwino chija."

Wogulitsa anati sadziwa kumene chinachokera, anachigula m'mulu. Limbani anaseka, nandisisita paphewa monga amachitira ndi odwala, poti nayenso amagwira ntchito kuchipatala. Ati adzapita nacho kwa mmisiri akachicheke ndi makina, akapeza nthawi. Mwanayo ndimamudziwa. Galimoto yake yakhala ikuyatsa kanyali kofiira chaka chonse, nthawi sanaipeze.

Ndinagona kwake. M'mawa iye ali kubafa, ndinatsikira kuchipinda chapansi kumene anaika chitsulo anagulacho, ndinasolola bawuti ija n'kuiponya m'thumba la jekete. Anandiperekeza yekha kokwerera basi, nandigulira khofi, katundu wake ali m'nthiti mwanga.

Anazindikira madzulo ake. Anaimbira mayi ake, osati ine.

"Adadi, mwamuchititsa manyazi mwana," anatero Chisomo. "Amafuna akusangalatseni. M'bwezereni, mupepese."

"Ndim'bwezere kuti atsale ndi maso angati?"

"Mukudziwa kuti akhoza kungooda ina pa foni? Mawa lomwe afika nayo pakhomo."

Zimenezo sindinkazidziwa.  Kwathu ukachotsa bawuti, mfuti yafa. Kuno bawuti imabwera ndi galimoto, mtima wopsa uja uli pomwepo kuidikira.

Chipale chofewa chagwa n'kusungunuka, Limbani sanabwere. Pa Khirisimasi anatumiza moni kudzera kwa mayi ake, ngati ndine wa kutchalitchi. Kaya anaoda ina, kaya anataya, palibe amandiuza, ndipo foni ya Chisomo ikalira nthawi yosaka ndimasiya kutafuna.

Ndili mwana ndinkayesa kuti a Phiri anandiphunzitsa kumva chitsulo. Lero ndikuona kuti anandionetsa zina: munthu akasankha chinthu chifukwa chochikonda, ungagogode mpaka dzanja litatopa, sakumva. Iwo anadziwa, ananena, amalume n'kupita ndi diso limodzi. Ine ndinadziwa, ndinaba, ndipo mdzukulu ndilibe.

Bawuti ija ikadali m'jekete. Yang'amba kale thumba, Chisomo wasoka kawiri. Nthawi zina ndikatsala ndekha m'nyumba ndimaimanga pa chingwe n'kuigogoda, kuti mwina ndinalakwitsa, mwina ilira, ndiimbe foni ndipepese.

Imangoti phu.