Waya wa Bambo Filipo

Conceição anabadwira ku Cuamba, m'nyumba za antchito a njanji, ndipo mpaka lero amayankhula ngati bambo ake a Cosme, omwe ankapatutsa sitima pasiteshoni: mwachangu, mokweza, manja ali m'mwamba. Nkhondo itavuta anathawira ku Malawi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, n'kubwerera mu 1994 atasenza mkeka ndi chidebe. Za makompyuta anakaphunzira ku Nampula. Anthu a ku Cuamba ankati mtsikanayu sangachidutse chinthu cha magetsi osachitsegula kumimba, ndipo sankanama.

Mu 2006 bungwe lina lothandiza alimi linamutuma ku Mandimba. Bungwelo linali litapereka kompyuta yakale ku nyumba ya alimi a fodya ndi chimanga, n'kuikamo khadi lolumikizira popanda waya, loti lizitola uthenga mumphepo kuchokera ku ofesi yawo ya kuseri kwa msika. Masabata awiri khadilo linangoti zii. Abwana anagamula kuti likapanda kugwira pofika 3 koloko Lachisanu, dalaivala Bacar anyamule zonse apite nazo ku Lichinga. Nyumbayo alimi anachita kuiumbira okha njerwa atabwerera kwawo kuchokera kothawa nkhondo, ndiye tangoganizani manyazi ake.

Conceição anatsika shapa, kaminibasi ka kumeneko, Lachisanu lomwelo, fumbi lili m'nsidze, mtima ukudumphadumpha poti aka kanali koyamba kutumidwa yekha. Anamulandira ndi bambo Filipo, osunga nyumbayo. Nkhondo isanabwere iwowa ankayendera waya wa lamya kuchokera ku Mandimba kulowera ku Ngauma, kukwera mitengo ndi kulumikiza poduka. Waya uja unatha kalekale, wina anthu anatcherera agwape. Kompyuta anali ataifunditsa chitenje, ndipo kumbuyo kwake anakolekako loko wonga wa pankhokwe.

"Mwanangu, gwirani kutsogolo kokhaku," anatero a Filipo. "Kumbuyoku ndinakonza kale."

Iye sanalimbane nawo. Anachotsa pulogalamu yoyendetsa khadi, n'kuikamo ina yomwe anabwera nayo. Anazimitsa, anayatsa. Makina anangobwereza mawu amodzimodzi, kuti khadi lapempha mzere woitanira koma silinapatsidwe. Anayesanso kawiri, thukuta likuyenderera m'khosi, ndipo yankho silinasinthe.

"Likudwala chiyani?" anafunsa a Filipo.

"Silikudwala, bambo. Mkatimu chipangizo chilichonse chili ndi belu lake loitanira bongo wa makinawa, ndipo mabeluwo alipo khumi ndi asanu ndi limodzi basi. Khadi lathuli uthenga likuumva, koma lilibe belu, ndiye lingauze ndani?"

Atatero anaitanitsa mndandanda wa mabeluwo pagalasi, ndipo maso ake anawala. Onse anali ndi eni, ena mwa eniwo zinthu zoti bungwe silinaikemo n'komwe. Anatembenuka pang'onopang'ono. "Bambo Filipo, mwasungamo chiyani umu?"

Nkhalamba inayang'ana kudenga, inayang'ana pansi. Panja Bacar anali atayamba kale kuliza injini. Kenaka kiyi anatuluka m'thumba la jekete.

Abale, mkatimo munalibe kabowo kopuma. Mpata uliwonse unali ndi khadi lake, makhadi atatu akalekale omwe a Filipo anawatola m'kompyuta yakufa yomwe ofesi ina inataya. Inu mukuwadziwa anthu obwerera: msomali wopindika amauwongola, chitini chimasanduka kapu, ndipo malo opanda kanthu amawapweteka m'maso. Conceição anaseka mpaka misozi, osati mowanyoza, koma chifukwa cha chimwemwe cha munthu amene wapeza pomwe pabisala njoka.

Anazula khadi loyamba, anazula lachiwiri, n'kuyatsa. Mabelu awiri anamasuka, koma mpata womwe munali khadi lopanda waya unkatha kuitana pa belu la nambala 10 lokha, ndipo limenelo linali m'manja mwa khadi lachitatu, lamakedzana, losadziwa kugawana ndi mnzake. Anatambasula dzanja kuti alizule. A Filipo anamugwira pamkono.

"Ilo ayi. Ilo ndi la lamya, taonani kabowo kake. Waya ukadzabwerera udzalowa pamenepo."

Kunali kutatsala mphindi makumi awiri kuti 3 koloko ikwane. Conceição akanatha kungolisolola, poti mphamvu anali nazo, koma anakumbukira bambo ake akupukuta nyali ya pasiteshoni zaka zomwe sitima sinkabwera, ndipo chifundo chinamugwira.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, mwina koyamba m'moyo wake, "mlendo amene mukumudikirayo wafika kale, ali panja akugogoda. Mpando womwe mwamusungirawo ndi umene watseka chitseko."

A Filipo anausiya mkono uja. Kenaka anapempha sikuludiraiva, namasula okha kasikulu, n'kulizula khadilo mosamala ndi zala zawo zokhakhala zija.

Conceição anayatsa. Mawu odandaula aja sanabwerenso. Kumbuyo kwa makina kanyali kobiriwira kanayamba kuti phethiphethi, ndipo posakhalitsa uthenga wa ku ofesi ya kuseri kwa msika unatulukira pagalasi: "Takuonani. Mwafika." Mtsikana uja anadzuka n'kugwetsa mpando, anavina pakhomo manja ali m'mwamba, alimi omwe ankasuzumira pazenera akuwomba m'manja. Bacar anazimitsa injini n'kubwera kudzaona nawo.

A Filipo okha sanavine. Khadi la lamya analikulunga m'kampango n'kuliika m'thumba la pamtima. Anatuluka, nakaima kuyang'ana mtengo wakale wa waya womwe unali chiimire m'mbali mwa msewu, chiswe chitaudya theka. Atabwerera m'nyumba maso awo anali onyowa.

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikuyang'anira njira ya pamitengo, mlendoyo wadzera m'mwamba," anatero. Anasendera pafupi ndi kanyali kaja. "Tandiuzani, mwanangu, waya wanu wosaonekawu ukaduka, munthu amakwera pati?"

Conceição anadzutsa mpando uja, anaupukuta ndi chitenje, n'kuwakhazika a Filipo patsogolo pa makinawo. "Amakwera pompano, bambo. Bweretsani chala chanu."