Chitenje cha Pakati pa Esinati ndi Wongani

Ndikakumbukira Juni wa chaka chimenecho, ndimaona achemwali anga a Esinati akuvina opanda nsapato pasimenti yozizira ya holo ya ku Salisbury Lines, kunja kukuwaza kamvula kosatha ka ku Mzuzu, fungo la mbatata yootcha likulowera pazenera losweka. Kunali filimu ina ya chikondi imene tinkaionera m'kanyumba ka vidiyo mpaka kuiloweza, ya mtsikana amene anakonda mnyamata womuphunzitsa kuvina. Achinyamata a m'dera lathu anaisandutsa sewero la nyimbo, mawu ake Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, ndipo achemwali anasankhidwa kukhala mtsikanayo. Mnyamatayo anali Wongani wa ku Lupaso, wamtali, wamanyazi.

Bambo athu, telala wochokera ku Balaka, sanali munthu wankhanza, koma ankaopa pakamwa pa anthu. Anavomera pa pangano limodzi: awiriwo asakhudzane. Choncho paliponse pamene a mufilimu ankagwirana m'chiuno, achemwali ndi Wongani ankagwira chitenje, wina nsonga iyi wina iyo, n'kumazungulira nacho. Bambo anachipenda okha m'mphepete pamakina awo, akuimba mluzu.

Tsiku lina anthu atachepa muholo, Wongani anasiya chitenjecho n'kuwanyamula achemwali m'mwamba monga mmene filimu imathera. Sindinaonepo nkhope yawo ikuwala chonchija. Ine, wa zaka khumi ndiponso wosasunga pakamwa, ndinathamangira kushopu ya bambo ndi chimwemwe chokhachokha. Ndinkafuna bambo anyadire. "Ababa, achemwali anauluka lero, a Wongani anawanyamula!" Makina anaima. Sanakalipe, anangondifunsa kuti analipo ndani, ine n'kuwatchula onse mmodzimmodzi.

Kutatsala masiku atatu kuti sewero lichitike, achemwali anakwezedwa basi ya ku Balaka, kwa azakhali. Ndinalira n'kunena kuti ndinanama, koma mayi anangoti madzi akatayika saoleka. M'malo mwawo anavina mtsikana wina, anthu n'kuwomba m'manja ngati palibe chasowa. Ine ndinakhala panja pa holo, ndikudana ndi lilime langa.

Achemwali anakwatiwa komweko, ndipo sanandinenepo n'kamodzi komwe, chimene chimandiwawa koposa. Ndinaphunzira mochedwa kuti chimwemwe cha mnzako si chako choti uzilengeza. Paukwati wanga, nyimbo zitakolera pa perekaniperekani, ndinawapeza atakhala kumbuyo akusunga zikwama za anthu ovina. Ndinawakoka dzanja kuti tikavine. Anamwetulira, n'kundikonzera ndolo imene inapotoka.

"Pita iwe, mng'ono wanga," anatero. "Ine miyendo inaiwala."